ZA ZINTHU ZOSAGULIKA NDI MAPANGANO A MTENDERE

(Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za m'midzi, pa nthawi ya phunziro la mbiri ya maiko.)

Mwana wa sukulu wocenjera akamva za mkangano wa Ayuda a ku Israel ndi Aarabu a ku Palestine, umene wapitirira zaka 75 tsopano, afunsa funso lobvuta kuyankha. Ati, "Nanga maiko olemera alekeranji kuwapatsa ndalama anthu amenewa, kuti agawane dziko nkhondo ithe?" Funsoli siliri lopusa, pakuti akulu a maboma aiyesa njira yomweyo nthawi zambiri. Cifukwa cace mphunzitsi ayenera kukhala ndi yankho loposa kungoti anthu aja ndi ouma mitu.

Yankho liyambira kumudzi konkuno. Nkhuni zikasowa, amai ayenda mtunda wautali kukatola, napitirira nkhalango ya kumanda yodzala ndi mitengo youma, osatengako ngakhale kanthambi. Tsono mlendo afike kwa mfumu ya mudzi, nati, "Mfumu, ndigulitseni malo a manda aja ndilimepo fodya." Mfumu sidzamkana monga akanira munthu wochula mtengo wocepa pa ng'ombe. Ndipo mlendoyo akati, "Ndipereka kawiri," mlandu wace ukula, pakuti waonetsa poyera kuti ayesa eni mudzi anthu okhoza kugulitsa mafupa a makolo ao, angoyembekeza mtengo wabwino. Ana a sukulu adziwanso nkhani ya Naboti wa ku Yezreeli. Mfumu Ahabu inafuna kumpatsa munda wina woposa wace, kapena ndalama. Powerengera, malondawo anali okoma. Koma Naboti anakana cifukwa mundawo unali colowa ca makolo ace, ndipo anaphedwa cifukwa ca kukanako.

Anthu ophunzira za maganizo a munthu azicha zinthu zotere zopatulika, cinkana zina sizikhudza cipembedzo konse: mwana, ufulu, manda, dzina la mtundu. Cizindikiro cace ndi ici, kuti mwini wace akana kuciika pa muyeso, mtengo ungakule bwanji. Mphunzitsi wina wa ku America, Philip Tetlock, pamodzi ndi anzace, anaonetsa ici m'caka ca 2000. Anawerengera anthu nkhani yopeka ya mkulu wa cipatala amene anali ndi madola miliyoni imodzi, nayenera kusankha pakati pa kupulumutsa mwana wa zaka 5 wofuna ciwindi cina, ndi kugulira cipatala zofunika zina. Anthu anatama koposa mkulu amene anasankha mwana msanga, nakwiyira koposa uja amene anakhala nthawi yaitali alikusinkhasinkha, nasankha cipatala. Kusinkhasinkhako anakuyesa mlandu pa kokha. Aphunzitsi asunge mfundo imeneyi, pakuti nchito ya nthumwi za maboma pokambirana za mtendere ndiyo kukhala pansi masiku ambiri ndi kuyesa zinthu pa muyeso, anthu a kwao ali kuona.

Ofufuza anai, Jeremy Ginges, Scott Atran, Douglas Medin ndi Khalil Shikaki, anatengera funso lomweli ku Israel ndi ku Palestine, nafalitsa zimene anapeza m'caka ca 2007. Anafunsa Ayuda 601 okhala m'midzi yomangidwa pa dziko limene Israel analanda pa nkhondo ya 1967, Apalestina 535 a m'mabanja othawa kwao, ndi ophunzira a m'makoleji a Apalestina 719. Kwa ena anawerenga pangano la mtendere lowauza kusiya cinthu cimene acikonda koposa. Kwa ena anawerenga pangano lomwelo ataonjezapo cuma. Ayuda aja, mwacitsanzo, anauzidwa kuti akacoka pa dzikolo boma la America lidzapatsa Israel madola biliyoni imodzi caka ndi caka kwa zaka 100. Ndipo kwa ena anawerenga pangano lomwelo popanda khobiri loonjeza, koma muli mau akuti adani ao naonso adzasiya kanthu kopatulika kwa iwo, kapena adzabvomera poyera zowawa za anzao.

Anthu amene dzikolo analiyesa nkhani ya phindu ndi citetezo anafewa pomva za cuma, monga ayembekezera munthu ali yense. Koma amene analiyesa lopatulika anacita zina: pochulidwa ndalama mkwiyo wao ndi kunyansidwa kwao zinakula, nacurukanso obvomereza ciwawa. Pamene mkwiyo unatsika ndi pa pangano lacitatu lija, lopanda phindu logwirika ndi manja. Ayuda anafewa pomva kuti Apalestina adzasiya ufulu wobwerera kumidzi imene anthu ao ngati 700,000 anacokako m'caka ca 1948. Apalestina anafewa pomva kuti Israel adzabvomera poyera zimene zinawagwera caka cimeneco.

Wina angati kukana kotere ndi macenjera a wamalonda wofuna kukweza mtengo. Woganiza comweco amve za mtundu wa a Sioux ku America. Pangano la ku Fort Laramie la 1868 linawasiyira mapiri a Black Hills, amene iwo awayesa opatulika. Golidi atapezeka m'mapirimo mu 1874, boma linawalanda mu 1877. Mlandu suola: m'caka ca 1980 bwalo lalikulu la milandu la America linaweruza kuti boma lilipire madola oposa mamiliyoni 100 cifukwa ca kulandako. Eni ace anakana kulandira, pakuti kulandira kukadatanthauza kuti mapiri agulitsa. Ndalamazo zakhala zikubala m'thumba la boma kufikira zapitirira biliyoni imodzi, pamene madera ao monga Pine Ridge ali mwa osaukitsitsa m'dziko lonselo. Palibe wamalonda amene adikira zaka zoposa 40 ana ace ali pa umphawi wotere.

Tsono ku Jerusalem, mzinda umene Buku Lopatulika liucha Yerusalemu. M'kati mwa linga la mzinda wakale muli bwalo lokwezeka la maekala ngati 35. Alipo alimi kuno amene minda yao iposa pamenepo. Ayuda alicha Phiri la Kacisi, pakuti pamenepo panali kacisi wa Solomo, ndi kacisi waciwiri amene Aroma anagumula m'caka ca 70; khoma la kumadzulo locirikiza bwalolo ndipo apempherera Ayuda kufikira lero. Asilamu alicha Haram al-Sharif, ndiko kuti malo oyera olemekezeka. Pamenepo pali mzikiti wa al-Aqsa ndi nyumba ya denga lagolidi yochedwa Dome of the Rock, yomangidwa ca m'ma 691 pa ufumu wa Abd al-Malik. Ndipo akhulupirira kuti Mneneri Muhammad anadzako usiku umodzi, nakwera kumwamba kucokera pomwepo. Kupatula Mecca ndi Medina alibe malo ena oposa awa. Munda ugawika ndi cingwe, ndipo madzi a mtsinje maiko agawana powerenga, koma apa thanthwe ndi limodzi, onse awiri alifuna lomwelo.

Akristu asafulumire kuseka, pakuti mbiri yao pa malo oyera iri ndi zocititsa manyazi. M'caka ca 1847 nyenyezi yasiliva inabedwa m'chalichi ca kubadwa kwa Yesu ku Bethlehem, ndipo ansembe a Akatolika ndi a Agriki a Orthodox anakangana za mfungulo ya khomo lalikulu. France anaima kumbuyo kwa Akatolika, Russia kumbuyo kwa a Orthodox, ndipo mkanganowo unali imodzi ya nkhuni zimene zinakoleza nkhondo ya ku Crimea ya 1853 kufikira 1856, m'mene munafa anthu mazana a zikwi. Zifukwa zazikulu zinali zina ndithu, maka kukanganira maiko a ufumu wa Turkey umene unalikufooka; komatu munthu wamba atumidwa kunkhondo mosabvuta pa dzina la mfungulo ya chalichi kusiyana ndi pa dzina la madoko. Lamulo la Sultan la 1852, lakuti ciri conse pa malo oyera a Akristu cikhale monga ciri, ligwirabe nchito. Pa chalichi ca manda a Yesu ku Jerusalem makwerero amtengo aima pansi pa zenera lina zaka zoposa 150, cifukwa palibe mpingo wololedwa kuwasuntha pa wokha. Mfungulo ya khomo isungidwa ndi banja la Asilamu la Joudeh, ndipo banja lina la Asilamu, la Nuseibeh, ndilo litsegula. Ndi mtendere wosakongola, koma wakhalitsa, popeza funso lakuti mwini wace ndani analiika pambali.

Nzeru yonga imeneyo inaoneka mu June 1967, asilikari a Israel atalanda mzinda wakale kwa Jordan. Ena anakweza mbendera ya Israel pamwamba pa Dome of the Rock; Moshe Dayan, nduna ya zankhondo, analamula kuti itsitsidwe. Patapita masiku owerengeka anabvula nsapato, nakhala pansi m'mzikiti wa al-Aqsa ndi akulu a Waqf, bungwe la Asilamu losunga malowo, nawasiyira kuyang'anira bwalolo. Ayuda analoledwa kudzaona malo, koma osapempherapo. (Sikuti zonse zinacitika mwaulemu: m'masiku omwewo nyumba zoposa 100 za Aarabu, za pafupi ndi khoma la kumadzulo, zinagumulidwa kuti pakhale bwalo la opemphera.) Cimene cinathandiza Dayan ncodabwitsa. Aphunzitsi akulu a cilamulo ca Ciyuda analengeza kuti Myuda asakwere paphiripo konse, pakuti palibe adziwa bwino pamene panali Malo Opatulikitsa, ndipo munthu wosayeretsedwa angapondepo. Potero kupatulika komweko ndiko kunachinga mkangano, popeza Myuda wopembedza anaona kuti alilemekeza phiri posaliponda, ndipo sanadziyese wolandidwa. Makonzedwe amenewa afooka m'zaka zaposacedwa, pakuti Ayuda okwera kukapemphera paphiripo acuruka, ndi nduna zina za boma pamodzi nao.

Munthu amene anaimvetsa nkhani imeneyi koposa onse ndiye Anwar Sadat wa ku Egypt. Dziko lace linamenyana ndi Israel mu 1948, 1956, 1967 ndi 1973, ndipo cipululu ca Sinai cinali m'manja mwa Israel. Dayan yemweyo anali atanena kale kuti kuli bwino kusunga Sharm el-Sheikh, kunsonga kwa Sinai, popanda mtendere, kusiyana ndi kupeza mtendere atataya malowo. Pa 19 November 1977 Sadat anatsika ndege ku Israel, dziko limene maboma a Aarabu sanalibvomere kuti liripo. Nduna yace ya za maiko akunja, Ismail Fahmy, inatula pansi udindo posafuna ulendowo. M'mawa mwace anapemphera mu al-Aqsa, nakaona nyumba ya Yad Vashem yokumbukira Ayuda mamiliyoni 6 ophedwa ndi boma la Hitler, nalankhula m'nyumba ya malamulo ya Israel yochedwa Knesset. Pa zofuna zace sanabwerere m'mbuyo ngakhale phazi limodzi: anati Israel acoke pa maiko onse olandidwa mu 1967. Koma anawauzanso maso ndi maso kuti awalandira akhale pakati pa anansi ao mwamtendere, nati magawo 70 mwa 100 a bvuto lonse ndiwo khoma la mantha ndi kukaikirana. Mau otere anthu a ku Israel anakhala zaka pafupifupi 30 osawamva poyera m'kamwa mwa mtsogoleri wa Aarabu.

Mu September 1978, atakhala masiku 13 ku Camp David ndi Jimmy Carter wa America, Sadat ndi Menachem Begin anamvana, Dayan ali mmodzi wa nthumwi za Begin. Pangano la mtendere linasainidwa pa 26 March 1979, ndipo pofika April 1982 Israel anali atacoka ku Sinai, atagumula ngakhale mudzi wace wa Yamit. Kadera kakang'ono ka Taba kokha kanabwezedwa mu 1989. Ndalama zinadza ndithu, pakuti America anapatsa maiko onse awiri mabiliyoni a madola m'zaka zotsatira. Koma zinadza pambuyo pa ulemu, monga mbuzi ya pabwalo ilandiridwa wolakwa atayamba wanena kuti pepani. Aphunzitsi aonjeze izi pophunzitsa, kuti ana angayese ulendo umodzi ukonza zonse. Cipululu ca Sinai kwa Begin sicinali dziko la makolo monga mapiri a Yudeya ndi Samariya, dera limene lero lichedwa West Bank, ndipo amenewo sanawapereke. Za Jerusalem analephera kumvana, nangolemba makalata, yense kunena maganizo ace. Ndipo Sadat analipira ndi mwazi wace: anaomberedwa ndi asilikari a dziko lace lomwe pa 6 October 1981. Yitzhak Rabin wa Israel nayenso anaphedwa ndi Myuda mnzace pa 4 November 1995, wakuphayo nati Rabin analikupereka kwa adani dziko lopatsidwa ndi Mulungu.

Ku Camp David komweko, kuyambira 11 kufikira 25 July 2000, Bill Clinton anasonkhanitsa Ehud Barak wa Israel ndi Yasser Arafat wa Apalestina. Zobvuta zinali zambiri, za malire, za othawa kwao, ndi kufooka kwa boma la Barak. Koma ambiri a amene analipo asimba kuti phiri lija ndilo linakanika koposa. Akatswiri a malamulo anayesa mau onse. Anati Apalestina akhale osunga malowo, umwini ukhale wa Israel, Arafat anakana. Anati za pamwamba pa nthaka, pamene pali mizikiti, zikhale za Apalestina, ndi za pansi, pamene akhulupirira kuti pali maziko a kacisi, zikhale za Israel, sizinatheke. M'masabata otsatira panamvekanso ganizo limene Mfumu Hussein ya Jordan inanenapo kale, lakuti umwini wa phirilo ukhale wa Mulungu yekha, anthu agawane nchito yosamala cabe. Ganizo lokoma, koma silinafike papepala losainidwa. Barak sakadakhoza kukauza Ayuda mosabvuta kuti wapereka malo amene makolo ao anawalira zaka pafupifupi 2,000. Arafat anauza Clinton kuti akasaina, cotsatira cidzakhala maliro ace, pakuti malowo ndi a Asilamu a dziko lonse lapansi.

Coipa koposa cinali ca pakamwa. Dennis Ross, nthumwi ya America, analemba kuti Arafat ananena kuti kacisi wa Ayuda sanali ku Jerusalem konse, koma ku Nablus. Mau amenewo sanampindulire nthaka ngakhale dzanja limodzi, ndipo anauza Myuda ali yense, wopembedza ndi wosapembedza yemwe, kuti mnzace wokambirana naye ayesa mbiri yace bodza. Nayo mbali ya Israel inakana kubvomera kuti iri ndi mlandu pa kuthawa kwa anthu mu 1948. Inalola kunena za cisoni, ndi za thumba la ndalama la maiko lolipira othawawo, ndiyo njira yomwe ija imene ofufuza anapeza pambuyo pace kuti ikwiyitsa. Ndipo pa msonkhano wokamba za malo oyera a zipembedzo ziwiri sanaitane akulu a cipembedzo kudzapereka nzeru, cinthu cimene Ron Hassner anacidzudzula m'buku lace la 2009. Pa 28 September 2000 Ariel Sharon anakwera paphiripo ndi apolisi mazanamazana. M'mawa mwace mwazi unakhetsedwa pomwepo, ndipo m'zaka za ciwawa zotsatira, kufikira 2005, munafa Apalestina ngati 3,000 ndi a ku Israel ngati 1,000. Dzina la mzikiti uja silinaleke kuitanira anthu kunkhondo. A Hamas analiika pa ciwembu cao ca pa 7 October 2023, pamene anapha anthu ngati 1,200. Ndipo nkhondo ya ku Gaza yotsatira inapha anthu oposa 60,000, monga mwa ciwerengero ca akulu a zaumoyo a kumeneko.

Nanga ngati kupepesa ndi kubvomera kuli ndi mphamvu yotere, atsogoleri alekeranji kucita, popeza sikudya ndalama? Ali yense amene anakhalapo pabwalo la mfumu adziwa yankho: wonena kuti "ndalakwa" wabvomera mlandu, ndipo cotsatira ndi kulipira. Mau otere agwira mtima wa mdani cifukwa ali okwera mtengo kwa wowanena; akadakhala aulere sakadamveka. Atran ndi anzace anafunsanso atsogoleri eni ace m'caka ca 2007. Musa Abu Marzook, mmodzi wa akulu a Hamas, anakana pangano lopanda ufulu wobwerera, nakwiya pochulidwa thandizo la ndalama la America. Koma pa za kupepesa anati ndi ciyambi cofunika, cinkana sicikwanira, pakuti nyumba ndi minda zinalandidwa. Benjamin Netanyahu, amene nthawiyo anali mtsogoleri wa cipani cotsutsa boma, pofunsidwa ngati angaganizire za maiko awiri Apalestina atabvomera kuti Ayuda ali nao ufulu wa dziko lao pamenepo, sanakane; anati Apalestina aonetse kuti anena zoona, ndipo mwa zina asinthe mabuku ao a sukulu. Onse awiri anatsegula citseko pang'ono pokha, ndipo zimene zinacitika m'zaka za pambuyo pace zionetsa kuti yankho lopatsidwa kwa wofufuza siliri pangano.

Kuchulidwa kwa mabuku a sukulu kufikitsa nkhani pa nchito ya aphunzitsi, pakuti cimene mtundu uciyesa copatulika mwana acilandira kwa makolo, kwa akulu a cipembedzo, ndi pa mapu opacikidwa pakhoma la kalasi. Kufufuza kwa mabuku a mbali zonse ziwiri, kofalitsidwa mu 2013, kunapeza kuti mau oyesa mtundu wina zinyama ndi osowa, koma mapu ambiri, a ku Israel ndi a ku Palestine omwe, saonetsa malire kapena dzina la mnzao. Kale pang'ono, ciwawa cimene cinayamba mu 2000 ciri m'kati, aphunzitsi a mbiri a mbali zonse ziwiri anasonkhana motsogozedwa ndi Sami Adwan wa ku Palestine ndi Dan Bar-On wa ku Israel, kuti alembe buku la ana ao. Anaona kuti sakhoza kumvana pa mbiri imodzi ya 1948, caka cimene ena acicha ca ufulu, ena ca tsoka. Potero anagawa tsamba liri lonse patatu: ku dzanja lina mbiri monga aisimba a ku Israel, ku dzanja lina monga aisimba Apalestina, ndi pakati mizere yopanda kanthu, kuti mwana alembepo yekha. Sanamuuze mwana kuti asiye mbiri ya kwao. Anangofuna kuti awerenge ya mnzace kufikira kumapeto. Aphunzitsi ena analiphunzitsa bukulo m'makalasi ao mwakacetecete. M'caka ca 2010 unduna wa maphunziro wa Israel unaliletsa m'sukulu zace, ndipo unduna wa Apalestina nawonso sunalilole.